Chigafa Changa Pamaso pa Komiti

Kuyambira mu 2016, pamene aphungu athu anavomereza lamulo la Physical Planning Act, dziko lonse la Malawi ndi malo oyenera kuyendera mapulani. Lonse, osasiyako ndi kachigunda komwe. Kale, pa lamulo la 1988, nkhani za mapulani zinali za anthu a m'tauni ndi madera ena osankhidwa, pamene ife a kuno ku Chisepo tinkamanga pongoyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Tsopano lamulo lafika mpaka kuseri kwa nkhokwe. Ndiye kuti chigafa changa, chija chinapendekeka chaka chatha mpaka ndinachichirikiza ndi phanda, chili m'buku limodzi ndi nyumba zosanja za ku City Centre. Chimvereni zimenezi, ngakhale kayendedwe kanga kanasintha.

Anandiuza ndi mwana wa mlongo wanga, amene amajambula mapulani a nyumba ku Lilongwe. Anabwera kumudzi kudzatenga ufa, monga amachitira anthu onse ophunzira, ndipo ine ndinamuululira za kumtima. Fodya wandikwana. Nazale, kuthirira, kuwokera, kuthyola, kusoka, kuyanika pa mikangala, kudinda mabelo, kudikira uthenga wa ku okushoni ku Kanengo, ndalama n'kufika angongole atakhala kale pakhonde miyendo ili tambalale. Choncho ndinaganiza zoti chigafa chija chisanduke vidiyo sho. Sola padenga, dishi pamtengo, mabenchi a mabulugamu, anthu azidzaonera Bullets ndi Wanderers, Loweruka mpira wa ku England, ine ndili pakhomo ndi kachitini ka ndalama.

Mnyamatayo anaika kapu ya thobwa pansi. "Ankolo, imeneyo ndi change of use. Malo a ulimi mukuwasandutsa a bizinesi. Kutauni zikatero zimapita kukomiti."

Ndinamva kukoma. Chibadwire changa palibe chinthu changa chinapitako kukomiti.

Anandifotokozera kuti mzinda sumangidwa mwachisawawa. Pamakhala mapu opakidwa mitundu: apa nyumba zogona, apa masitolo, apa mafakitale, apa sukulu ndi zipatala, apa pasamangidwe kanthu, pakhale mitengo ndi mpweya. Lilongwe anamujambula chotero mu 1968 akatswiri ochokera ku South Africa, likulu lisanasamuke ku Zomba mu 1975. Maofesi a boma anawaika ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, mabwana ku Area 10 ndi Area 43, ndipo dera lililonse analipatsa nambala. Manambalawo musawakhulupirire, chifukwa satsatana. Area 49 ili pafupi ndi Area 18, pamene Area 23 ili kutsidya lina la mzinda. Munthu wa kumudzi wodziwa kuwerenga bwino ndi amene amasochera msanga.

Tsono ukafuna kumanga, kapena kusintha ntchito ya malo, nyumba yogona ikhale loji kapena puloti ya nyumba ikhale malo omwetsera mafuta, umalemba fomu yopempha chilolezo kukhonsolo. Umaphatikizapo pulani ya nyumbayo, mapu osonyeza pamene puloti ili ndi malire ake, chikalata chosonyeza kuti malowo ndi ako, ndi risiti ya ndalama yoti akuunikire mapepalawo. Fayilo ija imayenda. A zaumoyo amafunsa za zimbudzi ndi zinyalala. A zamisewu amafunsa polowera ndi poimika galimoto. Ozimitsa moto amawerenga makomo. A madzi ndi a magetsi amaona ngati sukumanga pamwamba pa paipi kapena pansi pa mawaya. Chikakhala chitukuko chachikulu, a zachilengedwe ku MEPA amafuna lipoti la mmene chidzakhudzire nthaka, madzi ndi anthu. Oyandikana nawo nawonso ali ndi pakamwa. Akatswiri onsewa akalemba ndemanga zawo, komiti yoona za mapulani imakhala pansi n'kugamula, ndipo mayankho ake ndi anayi: tavomera, tavomera koma uchite izi ndi izi, takana, kapena tiyembekeze kaye.

"Loopsa ndi liti?" ndinafunsa.

"Lomalizalo, ankolo. Akakukana umadziwa kokadandaula, lamulo limalola. Koma tiyembekeze kaye amakalambitsa munthu."

Ndinamuuza kuti andijambulire pulani nthawi yomweyo. Anajambula kuseri kwa kalendala ya kampani ya feteleza: makona anayi, khomo, muvi wolozera kumpoto. Chigafa changa chinaoneka chowongoka koyamba. Ndiye anafunsa mwaulemu, maso ali pansi. "Nanga chikalata cha malo?"

Apa ndiyenera kufotokoza kanthu kwa owerenga a kumpoto ndi a ku Nsanje. Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Ndinabwera ndi njinga, wailesi ndi mphasa. Munda ndi wa mbumba ya mayi a kunyumba, pamene pali chigafa ndi pa mbumba, mtengo wa mango umene ndimakhala pansi pake ndikamaganiza zachitukuko ndi wa mbumbanso. Changa pamalopo ndi thukuta basi, ndipo thukuta lilibe chidindo. Lamulo lina la chaka chomwecho cha 2016, la Customary Land Act, limalola kulembetsa malo a makolo kudzera m'komiti imene wapampando wake ndi a gulupu, mamembala osankhidwa 6, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Nditamva za amayi atatuwo ndinadziwa kuti aphungu aja ena mwa iwo ndi akamwini anzanga. Ankalemba zimene amaziona kwawo.

Choncho tinagwirizana kuti fayilo isanapite kutali, iyambe yadutsa komiti ya pakhomo.

Inakumana Lamulungu masana, titaweruka kutchalitchi. Wapampando anali atsibweni a mayi a kunyumba, eni mbumba, atakhala pampando wokhawo wa ndalema. Mamembala: mayi a kunyumba, alamu anga aakazi awiri, ndi apongozi. Poti mkamwini ndi mpongozi sapenyana m'maso, iwo anakhala chammbali pamkeka, nkhope ataloza kunkhokwe, akusenda mtedza. Mawu awo onse ankauza nkhokweyo. Ine ndinkayankha mtengo wa mango. Kalendala ija ndinaiyala pansi n'kuitsendereza ndi miyala m'makona, nditavala jekete la ukwati ngakhale dzuwa linali lophulitsa mutu.

Ndinayamba bwino. Ndinanena za chitukuko, za achinyamata, za ntchito. Ndinatchulanso masomphenya a Malawi 2063, amene ndinawamva pa wailesi. Atsibweni anagwedeza mutu. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ankathamangitsa ntchentche.

Apongozi anaponya khoko la mtedza m'lichero. "Afunseni bambowo," anauza nkhokwe, "anthu odzaonera mpirawo akamwa zomwa zawo, azikataya madzi kuti?"

Ndinauza mango kuti tikumba chimbudzi kuseri.

"Kuseri kwake ndi kumtunda kwa chitsime. Ife tizimwa chiyani?"

Mwana wa mlongo wanga, amene ndinamubweretsa ngati katswiri wa mbali yanga, anatsokomola n'kunena kuti agogo akunena zoona, a zaumoyo amafuna chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30, ndipo chikhale kumunsi. Ndinamuyang'ana. Ufa umene anadzatenga ndi wa m'nkhokwe yomweyo, ndiye ndinamvetsa.

Alamu aakulu anatenga mbali ya ozimitsa moto. Denga la udzu, mawaya a sola olumikiza ndi pulasitiki ya shuga, anyamata osuta chingambwe, khomo limodzi. "Alamu, Bullets ikagoletsa anthu amathyola benchi. Nanga moto ukabuka adzathyola chiyani?" Alamu aang'ono anakhala a zamisewu: njinga zamoto za kabaza zizidzadutsa pati, poti njira yokhayo ndi ija imadutsa pakati pa mtondo ndi khola la nkhuku? Mayi a kunyumba sanafunse funso. Anangonena kuti mpira wa ku Ulaya wa pakati pa sabata umatha usiku anthu atagona kalekale, ndipo mwana akadzuka ndi phokoso, womutonthoza adzakhala mwini chitukuko.

Palibe mmodzi wa iwo anaonapo fomu ya khonsolo. Koma mafunso a m'fayilo ija anatuluka onse, mwadongosolo lake, ndipo sanandilipiritse ndalama younikira. Anangondidyera nkhuku.

Kenaka wapampando anatambasula ndodo n'kuloza pa kalendala, kunja kwa makona anayi aja, pamene mnyamata sanajambulepo kanthu. "Apa pali chiyani?" Ndinati palibe kanthu. "Palibe kanthu? Akamwini, apa ndi njira ya kumanda."

Ndipo anayamba kundiwerengera mapu a mudzi, amene sanalembedwepo papepala. Msitu wa kumanda sudulidwa, ngakhale nkhuni zitasowa chotani, n'chifukwa chake ukaima pachitunda m'dera lino n'kuona kagulu ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda, sufunsa kuti pamenepo ndi pati. Kudambwe sikuyandikiridwa, ndipo ine sindinena zambiri, ndingalipe mbuzi. Dambo ndi la madimba ndi ziweto, samangamo nyumba. Bwalo ndi la milandu ndi magule. Njira ya maliro sitsekedwa, ndipo chitanda sichingadutse anthu akukuwa kuti penati. Zonsezi zinalipo akatswiri a ku South Africa asanagule pensulo.

Ine zimene zimandidabwitsa ndi izi. Mapu a atsibweni alibe chidindo koma amamveredwa. Mapu a kutauni ali ndi zidindo, mitundu ndi lamulo la aphungu, koma anthu ambiri a mu Lilongwe amakhala ku Mtandire, ku Mgona, kwa Chinsapo, ku Kauma ndi madera ena amene anakula pulani ili m'kabati. Si kuti anthuwo ndi osamva. Puloti yovomerezeka ndi yodula ndiponso yosowa, pamene mvula sidikira fayilo. Mukamayenda pa M1, podutsa pa Mponela kapena pa Madisi, yerekezani ndi maso mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, amene ndi malo a msewu, muone zimene zakhalamo. Ndipo aliyense wokhala m'tauni akudziwa nyumba ina m'dera lake imene inagona ili yogona anthu n'kudzuka ili bala. Komiti imaunika amene wabwera yekha ndi fomu m'manja. Wanzeru zake amayamba wathira konkire, chilolezo n'kumachifuna denga litakwera, akudziwa kuti kugwetsa nyumba ya munthu wonenepa kumafuna mtima umene maofesi ambiri alibe. Chikwanje chimagwera kagolosale ka mayi wogulitsa tomato.

Komabe musandimve ngati ndikunyoza mafunsowo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nyumba za ku Chilobwe zimene zinamangidwa m'mphepete mwa phiri ndi m'njira za madzi zinakokoloka ndi anthu ali momwemo. Funso la apongozi loti madzi azipita kuti ndi lomwe lija limayenera kufunsidwa kumeneko zaka zambiri m'mbuyomo, ndi munthu wokhala ndi mphamvu yokana komanso malo ena owapatsa anthuwo. Pamenepo sindiseka.

Tibwerere pansi pa mango. Anandiuza kuti nditalikire pang'ono komiti ikambirane. Ndinakaima kukhola la nkhuku, manja kumbuyo, ndikuyesa kuoneka ngati munthu amene ali ndi mapulani ena ambiri. Atandiitana, wapampando anati komiti yaona kuti maganizo anga ndi abwino kwambiri. Mtima unagunda. Anati pakufunika ndikumbe chimbudzi kumunsi, ndifolere ndi malata, nditsegule khomo lachiwiri, ndilambule njira ina ya njinga zamoto, ndikapemphe maganizo a anyakwawa, ndiponso ndisonyeze kumene ndalama ya zonsezi ichokere, poti ya fodya wa chaka chino inalowa kale m'feteleza wa chaka chatha. Zikatheka izi, nkhaniyi idzaunikidwanso tikakolola.

Sananene kuti tikakolola chaka chiti.

Ndinafunsa mwana wa mlongo wanga za kokadandaula. Anati kutauni kuli bungwe lapamwamba lomva madandaulo otere, ndipo kupitirira apo kuli khoti. Pakhomo pano ndinafufuza ndekha. Apilo imapita kwa mayi a kunyumba, usiku, nyali itazima, ndipo chigamulo chake chimakhala mkonono.

Pakadali pano chigafa chija sichili chabe. Mvula yoyamba itagwa, mbuzi za alamu aakulu zinalowamo kudzabisala, ndipo sizinatulukemonso. Sizinalembe fomu. Sizinajambule pulani kuseri kwa kalendala, za chitsime sizinafunsidwe, ndipo chimbudzi chawo chili paliponse pamene zaima. Zinangolowa, tonde patsogolo. Nditakadandaula kwa wapampando kuti malo a fodya asanduka khola popanda chilolezo, anapita kukaona, anazungulira chigafa chonse, anagwedeza phanda lija, n'kunena kuti poti mbuzizo zakhazikika kale ndipo ina yaswa ana awiri momwemo, kuzitulutsa kungakhale nkhanza. Komiti inavomereza tsiku lomwelo, n'kuwonjezera mfundo imodzi yokha: khomo la kholalo likufunika chitseko cholimba, afisi achuluka. Anapatsidwa ntchito yokhoma chitsekocho ndine.