Imvi za a Phiri Zapita Kuti?

(Sewero la pawailesi. Ndi m'mawa ku Ndirande. Kukumveka tsache, tambala, ndi kondakitala wa minibasi chapatali. Geti la malata likulira.)

A PHIRI: Odi kuno! Anabanda, odi!

ANABANDA: Odi wa chiyani mwalowa kale? Yang'anani pansi, aneba, mundipondera nyemba ndayanikazo.

A PHIRI: Kwayani buku lanu ili. Ndisadzalionenso pakhomo panga.

ANABANDA: Ine ndinabwereka mayi a kwanu. Inu likukukhudzani pati?

A PHIRI: Pamimba penipeni. Lachiwiri ndavala jekete, nsapato ndapolisha, ndikuti, "Mayi, nsima ya masana musandisungire." Basi munthu wakhoma chitseko, kiyi wamanga pachitenje. Akuti nditchule kaye dzina la mtsikanayo. Mtsikana utiyo? Ine ulendo unali wa kumsonkhano wa komiti ya madzi!

ANABANDA: (akuseka) Mayo, nthiti zanga ine! Nanga mumati atani? M'bukumo, Modou Fall tsiku limene anakamanga ukwati wachiwiri anatsanzika momwemo, kuti asamudikirire pa nkhomaliro. Madzulo mkazi wake Ramatoulaye anangoona amuna atatu atatchena ali pakhomo: Tamsir mkulu wake wa Modou, Mawdo mnzake wapamtima, ndi imamu wa pamzikiti. Akuti tabwera kudzakuuzani kuti mwapeza mnzanu. Mwini wake zii.

A PHIRI: Modou Fall ndi mbale wanga ine? Za ku Dakar zithere ku Dakar komweko. Komanso buku lake lakalekale.

ANABANDA: Lakale inde, la 1979, inu mukadali pa kabudula wa sukulu. Koma mu 1980 Mariama Bâ analandira nalo mphoto ya Noma, ndipo lero So Long a Letter yemweyo akutsekera amuna zitseko ku Ndirande. Inu munalembapo chiyani, kupatula dzina lanu m'kope la ngongole kugolosale?

A PHIRI: Za kugolosale zisiyeni. Wolembayo ndi mzimayi, mpake kutinyoza. Nanga chipembedzo chawo sichilola akazi anayi? Kwathu ku Dedza mitala ilipo, palibe analemberapo buku.

ANABANDA: Mitala ndikuidziwa, agogo anga analimo. Iwo anauzidwa maso ndi maso, masiku ankagawana, nkhokwe aliyense yake. Koma uyu, a Phiri, mkazi wakhala naye zaka 25, wamuberekera ana 12. Ndiye akukatola ndani? Binetou, mnzake wa kusukulu wa mwana wake Daba! Kamtsikana kobwera m'nyumba momwemo kudzawerengera mayeso.

A PHIRI: Mtima susankha.

ANABANDA: Khalani chete, ndisanakusankhireni chigubu ichi. Chimene chinandiwawa ine n'choti Daba ankabwera kudzawafotokozera mayi ake kuti mnzanga uja wapeza chidyamakanda chomugulira madiresi odula. Mayi n'kumalangiza ndi mtima wonse kuti muuze mnzakoyo akane, asataye sukulu. Osadziwa kuti chidyamakandacho ndi chomwe amachichapira malaya. Ndinaliponya pansi bukuli, mphaka anathawira padenga.

A PHIRI: Ndiye phokoso lija linali limenelo? Ine ndinatuluka ndi chibonga, kuyesa mbava.

ANABANDA: Mbava inali m'bukumo. Modou atakwatira sanabwerenso ngakhale tsiku limodzi. Atamwalira ndi pamene zinaululika kuti wasiya ngongole zokhazokha. Nyumba imene anamanga ndi mkazi wamkulu anaiika chikole, kuti asangalatse kamtsikanako ndi apongozi atsopano. (kaye chete) Tayandikirani kuno, aneba.

A PHIRI: Bwanji?

ANABANDA: Vulani chipewacho.

A PHIRI: Kukuzizira.

ANABANDA: Mwezi wa Okutobala? Imvi zanu zija zapita kuti? Sabata yatha mutuwu unali mbuu, lero uli bii, mpaka khutu lakumanzereli lada nawo.

A PHIRI: Ndi ometa aja. Anangondipaka osandifunsa.

ANABANDA: Modou nayenso ankapaka utoto mwezi ndi mwezi, mimba ankaimanga kuti aoneke mnyamata. Binetou kumbali ankamutcha nkhalamba. Ndiye mayi a kwanu akawerenga zimenezo, n'kudzutsa maso, n'kuona khutu lakudali, mukuti kiyi asamange pachitenje?

A PHIRI: Inu ndinu wopasula mabanja, Anabanda. Ndikakunenezani kwa amfumu. Ndipo Ramatoulaye wanuyo si mngelo ayi. Za Tamsir ndikumvetsa, munthu wa akazi atatu wolephera kuwadyetsa, n'kumafunsira mlamu wake anthu akadali pa mwambo wa masiku 40 a maliro. Ameneyo anayenera kuyalutsidwa. Koma Daouda Dieng analakwanji?

ANABANDA: Ndani?

A PHIRI: Daouda Dieng! Dokotala, phungu wa nyumba ya malamulo, munthu waulemu wake. Anamufuna ali mtsikana, anamukana n'kusankha Modou. Patha zaka 30 wabweranso, wakonzeka kusamala ana onse aja. Mayi n'kumukana pa kalata! Kalatanso yake yopatsira Farmata, amene ankayenda mokondwa poganiza kuti wanyamula uthenga wabwino. Imeneyo si nkhanza?

ANABANDA: A Phiri.

A PHIRI: Ee?

ANABANDA: Farmata mwamudziwira kuti?

A PHIRI: Ndi... ndinangomva mayi akuwerenga.

ANABANDA: Mayi a kwanu amawerenga chamumtima. Tabweretsani bukulo. (mapepala akulira) Ichi n'chiyani mwaika pakatipa? Kapepala ka m'paketi ya utoto wa tsitsi! Ometa aja anakupatsaninso kapepala kosungira tsamba?

A PHIRI: Magetsi anazima, tulo sitimabwera, tochi ya pafoni inalipo. Munthu asaone chimene chikumulanditsa kiyi m'nyumba mwake?

ANABANDA: Nanga tsamba ili lafufuma bwanji?

A PHIRI: Ndi tiyi.

ANABANDA: Tiyi wodontha madontho awiri, pomwe pali kalata ya Daouda?

A PHIRI: Munthu uja anandimvetsa chisoni, basi. Mlandu uli pati?

ANABANDA: Daouda wanuyo anali ndi mkazi kunyumba. Ramatoulaye akanalola, akanamwetsa mkazi mnzake chiphe chomwe iye anamwa. Ndipo ananena poyera kuti amamulemekeza koma mtima sukugunda. Pamenepo ndiye ndinamuombera m'manja. Pamene ndinakangana naye ndi poyamba paja. Ankadikira chiyani m'nyumba ya munthu woti wamutaya? Mwana wake Daba anamuuza kuti mayi chokani, iye ayi. Mnzake Aissatou ndiye mkazi. Mwamuna wake Mawdo atangotenga kamtsikana komusankhira mayi ake, iye anasiya kalata, natenga ana ake aamuna anayi, ulendo. Anakaphunzira, napeza ntchito ku ofesi ya kazembe wa Senegal ku America, mpaka kumugulira mnzakeyo galimoto, Fiat 125.

A PHIRI: Ana anayi amanyamulika. Nanga 12 mungakwere nawo minibasi iti? Mayi uja anakhala chifukwa ankamukondabe mwamuna wake. Inu simungamvetse.

ANABANDA: Ha! Tsopano mwasanduka loya wa Ramatoulaye? Si inu mumati si mngelo?

A PHIRI: Ndimati... musandisokoneze! Ine mfundo yanga ndi yoti bukuli lisamawerengedwe ndi anthu okhala ndi makiyi.

MAWU A MAYI: (chapatali) Bambo a Chisomo! Foni yanu ikuitana kuno. Ndiyankhe?

A PHIRI: Ayi! Ee! Yankhani, ndi a komiti ya madzi! (motsitsa) Mwaona zimene mwandichita? Kale foni yanga inkalira mwaufulu.

ANABANDA: Ngati ndi a komiti, thukutalo ndi la chiyani? Samalani, utoto ukutsikira m'kolala.

A PHIRI: Anabanda, tiyeni tigwirizane ngati anthu. Bukuli mulibise m'sutikesi mpaka Khirisimasi. Ine ndikukonzerani mpanda uja nkhuku zanga zinaboola.

ANABANDA: Mpandawo mukonza ndithu, lero lomwe. Koma buku Lachinayi likupita ku banki m'khonde. Tikatha kusonkha, tiziwerenga mutu umodzi umodzi, ndipo womasulira m'Chichewa ndi mayi a kwanu.

A PHIRI: Ndiye muwauze ayambire pa Daouda, anthu adziwe kuti amuna abwino aliko.

ANABANDA: Tiyambira pa utoto wa tsitsi. Potuluka mutseke getilo.