Ku Likoma Nsomba Amaziyang'ana Osadya

Anthu a ku Ndirande tili ndi nthenda yathu: phokoso likangoti zii, timadziwa kuti kwagwa maliro kapena magetsi athima. Ndiye alamu anga, amene amaphunzitsa pa sukulu ina ku Likoma, atandiimbira kuti, "Alamu, bwerani mudzapume, kuno kulibe phokoso," sindinadziwe ngati akundiitana kapena akundiopseza. Koma mayi a kunyumba anali atamanga kale thumba la ufa loti ndikasiye kwa achimwene awo, ndipo kwathu thumba likamangidwa ndiye kuti zokambirana zatha.

Ilala ndinakwerera ku Nkhata Bay. Sitimayi inayamba kuyenda panyanja mu 1951, zitsulo zake zitabwera kuchokera ku Scotland n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay. Ndi yakale kuposa ine, koma mawondo ake ndi abwino kuposa anga. M'munsi, mwa ife a tikiti yotchipa, munali chimanga, malata, makreti, nkhuku, ndipo m'mipata yotsalayo munali anthu. Mnyamata wina anandiuza kuti penapake nyanjayi ndi yakuya mamita 700. Ine sindinamufunse. Nkhani zina munthu amayenera kuzimva ali kumtunda. Ndinakhala pa thumba lija n'kuyamba kukhululukira adani anga mmodzimmodzi, kupatula alandilodi.

Pa chilumba cha Chizumulu sitima imaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti. Agogo ena analumphiramo ndi beseni kumutu, akupitiriza nkhani ndi mnzawo. Ine ndinali wopitirira, koma ndinagwira chitsulo m'malo mwawo.

Likoma ndi chilumba cha dziko la Malawi, ngakhale kuti madzi ozungulira chilumbachi ali mbali ya Mozambique. Mapiri a ku Cobue umawaona pafupi zedi. Chilumba chonse ndi masikweya kilomita 18: miyala, milambe, minda ya chinangwa, mchenga. Chimanga sichichita bwino kumeneko, moti thumba la ufa lija analilandira ndi manja awiri, kulipezera malo abwino m'nyumba, kenako ndi pamene anandifunsa ine kuti ndayenda bwanji. Madzulo anandipatsa kondowole. Ndinayesa kumutafuna. Mwana wa alamu anandilangiza mwaulemu kuti, "Ankolo, ameneyu timangomeza."

Pachilumba palibe kobisala. Kutacha, anthu amene sindinawaonepo ankandipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji alamu a aphunzitsi? Mseru watha?"

Alamu ananditengera ku Chipyela kukaona tchalitchi cha St Peter's. Amishoni a Anglican a UMCA anayamba kuchimanga mu 1903, pamalo amene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Abale, chinyumbacho! Unganene kuti wina anachiba ku England n'kudzachibisa kuno. Kopanda lole, kopanda msewu, anthu anasenza miyala mpaka chinatha. Nyumba yanga ya zipinda ziwiri inafika m'mawindo kalekale, pano mkati mwake ndimalimamo mpiru. Bambo amene ankationetsa malowa anafotokozanso za Chauncy Maples, mmodzi mwa amene anayambitsa mishoniyi, kuti anamira m'nyanja momwemu mu 1895 atangodzozedwa kumene ubishopu. Uyunso sindinamufunse. Bishopu wathunthu kumira. Nanga ine amene ndinasiya kwaya chifukwa cha chopereka?

Masana, m'midzi ya asodzi, ndinapeza amuna amphamvu zawo atagona pansi pa mitengo. Ife a m'tauni tikaona zotere pakamwa pamayabwa. Ndinawayalira alamu mfundo za chitukuko, kuti dziko silingapite patsogolo ndi tulo. Iwo anangoti, "Eya, alamu." Usiku ndinatuluka panja, ndipo chapakati pa nyanja panali mzere wa nyali zambirimbiri. Ndinafunsa kuti ndi tauni yanji imeneyo. "Ndi aulesi anu aja," anatero alamu. Munthu wina, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato ndi nyali kukopa usipa. Ukasonkhana, anzake amauzinga ndi chilimira n'kukoka ndi manja, usiku wonse. M'mawa amayi amauyanika pa thandala. Ndi usipa womwewu umene ine ndimaunenerera pamsika kuti mulu wachepa, ndili chiimire pouma, nsapato zopolisha.

Koma chimene chinandisokoneza mutu ndi mbuna. Ndi tinsomba tokhala m'miyala ya pansi pa madzi, timadya ndere zomera pamiyalapo. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo azungu amalipira ndege kuchokera kwawo kudzationa timeneti. Kudzationa basi. Alibe mbedza, alibe poto, alibe ngakhale tomato. Ena amatigula n'kukatisunga m'mabokosi a galasi pabalaza, n'kumatidyetsa. Munthu kudyetsa ndiwo!

Alamu anabwereka magalasi osambirira ndi kapaipi kopumira. Malangizo anali achidule: gonani chafufumimba pamadzi, pumirani kukamwa, musachite mantha. Langizo lachitatulo ndi limene linandikumbutsa mantha. Komabe ndinaviika nkhope, ndipo ndinaona zimene sindinaonepo: tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, kuti waliwali ngati amayi a pa chinkhoswe atavala zitenje zatsopano. Kena kanabwera mpaka pamphuno panga, kundiyang'ana mopanda ulemu. Alamu anali atandiuza kuti yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwimako. Ndinakumbukira fizi ya ana anga, ndipo ndinafuna kunena kuti, "Mayi, pepani, ndikumvetsa."

Pansi pa madzi salankhulirapo.

Nyanja inalowa kukamwa, ina m'mphuno. Ndinaona mamita 700 aja, ndinaona bishopu, ndinakhululukira ndi alandilodi omwe. Ndinakumbatira mwala n'kukuwa kuti aitane boti. Ana amene ankatsuka mbale m'mphepete anasiya mbale. Kamtsikana kena kanayenda, kuyenda ndithu osati kusambira, kudzandigwira phewa.

"Ankolo, ingoimirirani."

Madzi ankalekeza m'chiuno.

Masiku otsalawo ndinawathera pansi pa mlambe, kuphunzira kugona masana kwa akatswiri aja, kudikira kuti sitima ibwere. Ndikati ndiyende, ana ankanditsatira kupempha kuti ndikasambenso, ena mpaka kulonjeza malambe. Alamu aimba dzulo. Akuti mwala uja ana akuutchula dzina langa, ndipo mbuna zimene zinathawa tsiku lija zayamba kubwerera pang'onopang'ono.