Tithokoze Kampira Kobwerera kwa Mdani

Ogoletsa zigoli amaomberedwa m'manja tsiku lililonse, koma sindinamvepo munthu akuthokoza mfumu yeniyeni ya mpira wa pa PlayStation. Ndikunena kampira kaja kamene mwalanda bwinobwino, koma kagunda bondo la wotchinga kumbuyo wanu, kanjanja, n'kukatera pa phazi la mdani yemwe uja, iye n'kugwedeza ukonde.

Kampira aka sikaona nkhope. Pa bwalo lenileni, Virgil van Dijk anamaliza ligi ya ku England ya 2018/19 popanda womuchenya ndi mmodzi yemwe. M'gemu, muthereni makobidi onse a Ultimate Team ngati mukufuna: aponya mwendo pa nthawi yake, mpira aukhudzadi, koma pophethira muupeza uli kwa Mbappé. Wolemera ndi wosauka amalira mofanana.

Nanga kulimba moyo kwake! A EA Sports, opanga gemuyi, akhala akukasaka kwa zaka zambiri. Mu 2011, FIFA 12 inabwera ndi Player Impact Engine yoti matupi a osewera azigundana ngati enieni, ndipo tinaona anyamata akugwerana, miyendo itapiringizana, ena atakumbatirana pa udzu. Mu 2016 anasamukira ku injini ya gemu yotchedwa Frostbite. Mu 2021 anaveka osewera 22 zovala zojambula mayendedwe a thupi, nawauza kuti asewere mpira weniweni. Zimenezo anazitcha HyperMotion. Mu 2023 ngakhale dzina lenilenilo la FIFA linasintha kukhala EA Sports FC. Kampira kathu kanasamuka nawo konseko, ngati nsikidzi zobisala m'mphasa.

Chinsinsi chake n'chakuti mukadina batani, gemu imasankha kaponyedwe ka mwendo kamene kanajambulidwa kale, pamene mpira ukutsata masamu akeake. Ziwirizi zikasemphana pang'ono, basi. Netiweki ikachedwa, mwendo umafika mdani atadutsa kale, woyimbira n'kutulutsa khadi lofiira. Mukadziletsa osagoba, akuchenyani. Mukagoba, penate.

Koma ntchito yake yaikulu ndi yosunga ulemu wa anthu. Kuyambira pamene kampira aka kanabadwa, palibe anagonjapo chifukwa chosadziwa kusewera. Womenyedwa 5-0 amadzuka mutu uli m'mwamba, n'kunena kuti gemu inakonzeratu zonse. Mu 2020 osewera atatu ku California anafika mpaka kukhoti, akuti EA imasintha mwachinsinsi kuvuta kwa masewero kuti anthu azigula mapaki a osewera. Mu 2021, atakambirana ndi mainjiniya a kampaniyo, anauchotsa mlanduwo. Kodi alipo anasiya kukhulupirira? Ayi ndithu. Umboni amauona okha Loweruka lililonse, mphindi ya 90, mpira ukugunda anthu atatu n'kukalowa.

Choncho a EA, tapota nanu, musakakonze kameneka. Tsiku limene wolanda mpira adzayambe kuutengadi, abambo aulemu wawo, andevu zawo, adzayenera kuvomera pamaso pa mwana wa mlongo wawo wa Sitandade 6 kuti wawaposa.