Kamnyamata ka Pamsika

Ine pa nkhani yomanga zinthu sindifunsa munthu. Matumba a chimanga ndimanga ndekha, mbuzi ndimanga ndekha. Ndiye gasiketi ya hedi itapsa pa Canter yanga, ndinaona kuti kulipira makaniko n'kutaya ndalama. Bawuti si kungoipotokola mpaka italira?

Mtengo wa mabawuti atsopano nditaumva, ndinatola akale omwewo n'kuwapukuta ndi kansanza. Sipanala ndinaiveka paipi yaitali, n'kuyamba kumanga kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo ngati ndikubzala mtedza mumzera. Bawuti iliyonse ndinkailendewera ndi thupi lonse. Mayi a kunyumba ankangoyang'ana, dzanja lili patsaya.

Galimoto inayenda ndithu, mpaka pa chitunda cha Khwekhwelere, tikuchokera ku Golomoti. Pamenepo utsi woyera kuti tolo! Rediyeta ikubwata ngati phala la thobwa, oyilo atasanduka tiyi wamkaka.

Makaniko amene ndinkamuthawa uja atafika anafunsa, "Madala, hediyi anamanga ndani?"

"Kamnyamata kena ka pamsika," ndinatero, maso ali kuphiri.

Anapukusa mutu n'kuyamba kundiphunzitsa, kwaulere koma mopweteka. Akuti dizilo amayaka chifukwa mpweya wapanikizidwa kwambiri mpaka kutentha, ndipo mphamvu yonseyo imafuna kukankha hedi kuti ichoke. Choigwira ndi mabawuti, amene amatamuka pang'ono ngati mphira wa legeni. Ena akatamuka kamodzi sabwereranso, n'chifukwa chake amayamba ayezedwa kutalika, ndipo opyola muyeso amatayidwa. Mabowo ake anawapopa mpaka kuuma, poti oyilo kapena madzi akatsalira pansi, bawuti ikamalowa ikhoza kung'amba buloko.

Hedi ija inali itapindika, inakapalidwa pa makina. Pomanga anayambira pakati, n'kumazungulira kupita kunja, kangapo konse, ulendo uliwonse akuonjezera mphamvu monga likunenera buku la injiniyo. Sipanala yake yoyeza mphamvu ikangoti "ke!" iye basi, wasiya. Ine manja akundiyabwa, ndinapempha kuti ndionjezereko pang'ono ndi paipi yanga. Anandilanda.

"Kamnyamatako mukakaone, mukakauze kazikagulitsa tomato," anatero polandira ndalama zokwana kugulira mabawuti aja kanayi.

Madzulo nsima itafika pamphasa, mayi a kunyumba anagwada ndi beseni la madzi mwaulemu wonse. "Abambo, kamnyamata ka pamsika kasambe m'manja."