Tsobola Wakale ndi Ana a Masiku Ano

Ife amene tsitsi layamba kusamuka pamutu kukamera m'makutu tili ndi chiphunzitso chimodzi chimene timagwirizana posatengera chipani, mpingo kapena timu ya mpira. Timati achinyamata ali ndi mphamvu zovotera koma nzeru zovotera alibe. Timachilalikira pa bawo, pa siwa ndi m'minibasi, makamaka kondakitala akatitchula kuti "madala". Ine ndine mkhristu wokhulupirika wa mpingo umenewu, dazi ndi kamimba ndizo umboni wanga, ndipo ndikadakonda kuti chiphunzitsochi chikhale choona. Munthu ukasiya kuthamanga, kuona patali ndi kutafuna chimanga chokazinga, nzeru ndi katundu yekhayo amene umatsala naye. Tsoka lake, zotsatira za zisankho zimalembedwa m'manambala, ndipo manambalawo sagwadira imvi.

Tiyambe ndi mbiri yathu ifeyo, eni nzeru. Pa 17 May 1994 tidapatsidwa mwayi wosankha pulezidenti m'zipani zambiri, ndipo tidaganiza mozama ndithu. Kumpoto adaganiza mozama n'kupeza Chakufwa Chihana, m'chigawo chapakati adaganiza mozama n'kupeza Kamuzu Banda, kummwera adaganiza mozama n'kupeza Bakili Muluzi. Mapu a zotsatira za chaka chimenecho mphunzitsi atha kuwapachika m'kalasi pophunzitsa zigawo zitatu za Malawi, ana osasokonezeka. Kuganiza konseko kudali funso limodzi lokha: kodi bamboyu kwawo n'kuti? Wina anena kuti nthawi imeneyo nafenso tidali anyamata, choncho zikutsimikiza kuti ubwana ndiwo vuto. Zikadamveka tikadakhala kuti tidasintha. Koma padutsa zaka zoposa 30 ndipo ambiri a ife tikufunsabe funso lomwelo, kungoti masiku ano timalifunsa titakhala pa mpando wandalema, mawu titawakulitsa, ndiye limamveka ngati kukhwima maganizo.

Kalembera wa 2018 adapeza Amalawi 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka adali asadakwanitse zaka 18. M'kaundula wa ovota wa 2019, oposa theka adali a zaka zapakati pa 18 ndi 35. Pepala lovotera silifunsa zaka za munthu, koma kuyambira pamene khothi lidati wopambana azipeza mavoti oposa theka, palibe amene angalowe ku Kamuzu Palace popanda zala zambirimbiri za anawa kudetsedwa ndi inki. Ndiye tikamaweruza nzeru zawo, tiweruze zimene zachitika m'zisankho zaposachedwazi.

Chisankho cha pa 21 May 2019 chidatuluka ndi mapepala opakidwa Tipp-Ex, Peter Mutharika atalengezedwa wopambana ndi mavoti pafupifupi 39 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 35, Saulos Chilima 20. Nzeru za madala pa nthawiyo zidali zachidule: zisiyeni, zatha, Mulungu ndiye akudziwa. Anyamata ndi atsikana sadazisiye. Adadzaza misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre miyezi ingapo pa mademo a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC. N'zoona kuti ena adaphwanya masitolo ndi kuba, ndipo palibe wogulitsa amene adataya katundu wake angaseke nafe pamenepa. Koma pa 3 February 2020 majaji asanu, anthu ophunzira ndi amsinkhu wathu womwewu, adawerenga chigamulo tsiku lonse lathunthu n'kufika pamene anawo adafika kalekale ndi mapazi: chisankho sichidayende bwino, chichitikenso. Mu Africa monse, khothi la ku Kenya lokha ndilo lidachitapo zimenezi, mu 2017. Ife amene tidati zisiyeni tidakhala oyamba kunyadira kuti Malawi watchuka, ngakhale thukuta lathu lonse pa nkhaniyi lidatuluka posaka mabatire a wailesi.

Pa 23 June 2020 Chakwera ndi mgwirizano wa Tonse adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100. Apa ndiye madala timakhosomola n'kunena kuti anawa adapusitsidwa ndi malonjezo: ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku, feteleza wotchipa. Sindikuona kupusa kwa munthu wopanda ntchito amene wavotera womulonjeza ntchito; akadavotera womulonjeza ulova ndiye tikadamutengera ku Zomba. Nzeru za wovota zimaoneka pa zimene amachita lonjezolo likapanda kuoneka. Kwacha idagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Wakabaza wanjinga yamoto adayamba kugona pa filing'i siteshoni kudikira petulo, wogulitsa mandasi adaona mtengo wa ufa ndi mafuta ophikira ukumusiya m'mbuyo. Boma lidafotokoza za Covid-19, nkhondo ya ku Ukraine ndi namondwe Freddy wa mu March 2023, ndipo zifukwa zimenezi sizidali zabodza. Koma pa 16 September 2025 Mutharika adapeza pafupifupi 57 pa 100, Chakwera 33.

Apa ndi pamene mpingo wathu udachita chikondwerero, ndipo ndivomereze kuti mfundo yake ndi yolemera. Taonani, tidatero, ana aja adathamangitsa munthu mu 2020, lero amubweza ali ndi zaka 85, akumutchula "adadi", ndipo wachiwiri wake ndi Jane Ansah yemweyo, wapampando wakale wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC, amene dzina lake lidali pa zikwangwani za mademo. Kodi kumeneku si kuiwala msanga? Kodi si iwo omwe amatiseka kuti tsobola wakale sawawa? Koma taganizani mlimi amene walemba waganyu, naona kuti mizere yapotoka, namuchotsa n'kulemba wina. Wachiwiriyo akalephera kumaliza ndime, mlimi amayang'ana amene aima pa chipata tsiku limenelo n'kusankhapo, ngakhale akhale woyamba uja. Palibe amene amamutcha woiwalaiwala. Amene timamudabwa ndi mlimi wosunga waganyu mmodzi zaka 30, munda uli thengo, chifukwa choti ndi mwana wa kwa azakhali. Mlimi wachiwiriyu ndimamudziwa bwino, timameta kumodzi.

Ndipo ngati anawa akadamavotera chisangalalo basi, bwenzi atalowetsa kale mnzawo. Atupele Muluzi adaima mu 2014 ali ndi zaka 35, misonkhano yake ili yodzaza ndi achinyamata, koma adathera pa nambala 4. Malemu Chilima, amene adadzutsa achinyamata kuposa wandale wina aliyense m'zaka zimenezi, adathera pa nambala 3 mu 2019. Zikuoneka kuti anawa amavina pa bwalo ndi mtima wonse, koma akalowa m'kachipinda kovotera amayamba masamu: ndani angapambane, ndani angachotse amene wandikwiyitsa, thumba la chimanga lili pa zingati. Za kukalamba kwa opikisana, mlandu ubwere kuno. Malamulo a dziko salola munthu wosakwana zaka 35 kuimira upulezidenti, ndipo ku makonvenshoni a zipani amene amakweza manja ndi kugona m'malodji olipiridwa ndi ife a makolala otuwa. Mayina 17 amene adali pa pepala mu 2025 sadalembedwe ndi ana a Fomu 4.

Yatsala nkhani ya matisheti, kandalama ka m'manja ndi malole otuta anthu kupita ku misonkhano, kuphatikizapo anyamata ogwiritsidwa ntchito kuopseza anzawo. Zimenezi zilipo ndipo n'zonyansa. Koma mwambowu ndi wakale kuposa ana amene tikuwadzudzula: kudali a Payoniya ndi a Youth League, kudabwera ma Young Democrats, kudabweranso makadeti, ndipo nthawi zonse wopereka ndalama ndi kulamula amakhala munthu wa imvi, wovala suti. Lamulo la zipani la 2018 loletsa kugawa zinthu pokopa mavoti lidalembedwa poganizira ogawa, ndipo ogawawo si ophunzira a ku Chanco. Komanso tiyeni titsekule masutikesi athu. Mnyamata amalandira matisheti a zipani zitatu, yina amagonera, yina amapitira ku dimba, yachitatu amapukutira njinga, kenaka amakavota zimene akudziwa yekha. Ife tikalandira chitenje chimodzi chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri timamva ngongole mumtima mpaka kumanda, ndipo timalangiza ana kuti adzatifunditse chomwecho.

Pali chimodzi chimene sindingawaikire kumbuyo. Kuchotsa munthu n'kosavuta poyerekeza ndi kumulondalonda ali pa mpando, ndipo changu cha anawa chimakonda kuzizira inki ikangofufutika pa chala. Bajeti ikamawerengedwa ku Nyumba ya Malamulo, ambiri amakhala ali pa TikTok. Pamenepa ndikadawakalipira ndi mawu onse, ndikadakhala kuti ineyo ndimaimvetsera mpaka kumapeto. Koma nduna ya zachuma isadafike pa misonkho ndimakhala nditayamba kale kuvomereza ndi mutu, maso ali chitsekere. Timawanenanso kuti amakhulupirira mabodza a pa Facebook, chonsecho m'magulu a WhatsApp a pabanja, uthenga wa zotsatira "zenizeni" zotuluka MEC isadalengeze umachokera kwa amalume, ndipo amene amayankha mwaulemu kuti "amalume, chithunzichi n'cha ku Kenya" ndi mdzukulu.

Chisankho chotsatira chili mu 2030. Ena mwa amene adzavote koyamba chaka chimenecho adabadwa mu 2012, chaka chimene Bingu wa Mutharika adamwalira. Za Tipp-Ex adzazimva ngati mmene ife tidamvera za Chilembwe, ndipo ofotokoza tidzakhala ife, aliyense atadziika patsogolo pa mademo, chikwangwani chili m'manja.