Ukaipa dziwa nyimbo, ndi chaka chimene inajambulidwa

Palibe tauni imene ilibe madala otere. Anapuma pantchito kalekale, mutu wonse uli mbuu, ndipo Lamulungu masana, anthu akabwera kutchalitchi n'kudya nsima, iwo amasolola chimbale chakuda m'chikuto chake n'kuchigwira m'mbalimbali ngati mbale ya msuzi wotentha. Amachipukuta ndi kansalu kamene munthu wina aliyense m'nyumbamo saloledwa kukakhudza. Singano ikatera pachimbalepo, pamamveka kaye kuthetheka ngati chimanga chili pamoto, kenako piyano ndi besi zimayamba kunong'onezana. Madalawo amatsinzina n'kumagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati akuvomereza mfundo za pamsonkhano umene ena onse sanaitanidweko.

Pakatha mphindi zinayi mdzukulu amalephera kupirira.

"Agogo, kodi nyimboyi iyamba nthawi yanji?"

"Yayamba kale, mwanawe. Tili pakati."

"Nanga woimbayo ali kuti?"

"Ndi ameneyo ukumumvayo, akuimba ndi lipenga. Takhala pansi."

Akale anati ukaipa dziwa nyimbo. Pabwalo la gule wokongola sasowa omuyang'ana, angoima chabe maso onse ali pa iye. Koma amene Namalenga anamuumba chothamanga ayenera kubwera ndi kena kake, ayambitse nyimbo, apo ayi bwalo limuiwala. Madalawa nkhope sinawaipire kwenikweni. Akazi awo akafunsidwa amangoti "bola". Chinawaipira ndi mawu komanso miyendo. Kukwaya ya kusukulu aphunzitsi anawapempha mwaulemu kuti azingoyendetsa milomo. Paukwati, nthawi ya perekaniperekani, amavina ngati akuponda dothi loumbira njerwa. Ndiye mwambiwo anautanthauzira mowakomera. Akale aja sanati ukaipa imba, anati dziwa. Ndipo madalawa nyimbo anazidziwadi, mpaka kupitirira muyeso.

Chimbale chimene chikuzunguliracho ndi Kind of Blue cha Miles Davis. Munthu akangolakwitsa n'kufunsa, amauzidwa kuti chinajambulidwa ku New York masiku awiri okha, pa 2 Malichi ndi pa 22 Epulo 1959. Kuti pa saxophone panali John Coltrane ndi Cannonball Adderley, papiyano Bill Evans, pabesi Paul Chambers, pang'oma Jimmy Cobb. Ndi kuti nyimbo imodzi yokha piyano anaimba ndi Wynton Kelly, ndipo amene sadziwa zimenezo asamalankhule pagulu. Mayina a adzukulu amawasokoneza chaka ndi chaka. Tsiku limene anamanga ukwati amachita kukumbutsidwa. Koma Jimmy Cobb sanamuiwalepo.

Matendawa anawatenga ali mnyamata, pawayilesi ya bambo awo. Usiku anthu akagona ankapotokola kachitsulo kosakira masiteshoni mpaka apeze Voice of America, kumene Willis Conover ankaulutsa jazz kuyambira 1955 mpaka imfa yake mu 1996, akulankhula Chingelezi chodekha kuti ndi akutali omwe amve. Mawu ankabwera n'kumathawa ngati mvula ya chizimalupsa, ndipo mnyamatayo ankagwira eliyo ndi dzanja limodzi, khutu lili pasipika. M'mawa mlandu unkabuka: mabatire anagulidwira nkhani ndi mauthenga achisoni, nanga atha bwanji sabata isanathe? Ankawayanika padzuwa kuti atsitsimuke. Kenako kunabwera makaseti, ndi luso lobweza tepi ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire omwewo. Zimbale zenizeni zinabwera mochedwa, chimodzichimodzi, zina m'masutikesi a abale ochokera ku Joni.

Anthu akawaseka kuti amamvera nyimbo zopanda mutu, madalawa amayankha ndi mwambi womwewo, n'kunena kuti palibe amene anausunga bwino kuposa oimba jazz ndi blues. Pamenepa pokha satsutsika. Kuipa kumene mwambiwu ukunena si kwa nkhope yokha, ndi chilichonse chimene dziko limachotsera munthu malikisi, ndipo mbiri ya nyimbozi yadzaza ndi anthu amene anayamba mayeso atachotseredwa kale.

Louis Armstrong anabadwira mu umphawi wadzaoneni ku New Orleans mu 1901. Usiku wa pa 31 Disembala 1912, pokondwerera chaka chatsopano, anaombera m'mwamba mfuti ya bambo ake omupeza, ndipo apolisi anamutengera kunyumba yosungirako ana achikuda opulupudza, Colored Waif's Home. Kumeneko, kumalo a chilango, ndi kumene mphunzitsi wa bandi Peter Davis anamuphunzitsa bwino kuliza lipenga. Kamwa lake linali lalikulu moti anzake analifanizira ndi chikwama, n'kutulukapo dzina loti Satchmo. Mawu ake ankamveka ngati wilibala yodzaza miyala ikutsika msewu wokumbika. Aphunzitsi a kwaya aja akanamumva, naye akanamuuza kuti azingoyendetsa milomo. Koma mu 1964, chaka chimene Malawi analandira ufulu, mawu omwewo anachotsa The Beatles pampando woyamba wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku America ndi "Hello, Dolly!", mwini wake ali ndi zaka 62. Pofika pamenepa madala amayang'ana akazi awo ngati kuti amene anagonjetsa anyamata a ku Liverpool aja ndi iwo.

Django Reinhardt anapsa ndi moto m'ngolo imene ankagonamo ku France mu 1928, zala ziwiri za dzanja lamanzere n'kuuma. Anaphunziranso gitala ndi zala zotsalazo, ndipo mpaka lero a zala zonse akuvutikabe kumutsanzira. Dizzy Gillespie, wa masaya otupa ngati chule uja, lipenga lake linapindika mu Januwale 1953 pamene anthu ena analigwera paphwando la mkazi wake Lorraine. Wina akanaitanitsa chipukuta misozi. Iye analiliza chopindika chomwecho, mamvekedwe ake n'kumukomera, mpaka anakapangitsa lina loloza kumwamba mwadala.

Koma nkhani imene madala amaikonda kwambiri, ndipo apabanja pawo aimva kokwanira, ndi ya piyano yoipa ya ku Cologne m'dziko la Germany. Pa 24 Januwale 1975 Keith Jarrett anafika mumzindawo atayenda ulendo wautali pagalimoto, tulo talowa m'maso, msana ukuwawa. Amene anakonza zoimbazo anali mtsikana wosakwana n'komwe zaka 20. Ogwira ntchito paholoyo anasokoneza, m'malo mwa piyano yaikulu imene Jarrett anapempha anaika yaing'ono yoyeserera, yosachunidwa bwino, mawu am'mwamba owonda, apansi opanda mphamvu. Jarrett anati saimba. Mtsikanayo anamuchonderera, amisiri anayesetsa kuikonza, ndipo cha m'ma 11:30 usiku anakhala pansi pamaso pa anthu pafupifupi 1,400. Poona kuti m'mphepete monse ndi mowola, anakhazikika pakati pa piyanoyo, dzanja lamanzere likubwereza kayendedwe kamodzimodzi mwamphamvu kuti akumbuyo amve, zonse akupeka pomwepo. Chimbale chimene chinatuluka usiku umenewo, The Köln Concert, chagulidwa makope oposa 3 miliyoni, kuposa chimbale china chilichonse cha munthu mmodzi woimba piyano payekha. Phunziro limene madala amatolapo ndi lakuti sofa yawo yothyoka mwendo isatayidwe.

Blues ndiye mwambiwu weniweni utavala chipewa. Inabadwira m'minda ya thonje kum'mwera kwa America, makamaka ku Mississippi, pakati pa zidzukulu za akapolo, anthu amene zinthu zinawaipira mbali zonse ndipo chimene anatsala nacho ndi nyimbo. Kamangidwe kake n'kosavuta: woimba amanena dandaulo lake, amalibwereza ngati munthu amene akukayika kuti a mfumu amva, ndiye mzere wachitatu amadziyankha yekha chifukwa palibe wina womuyankha. W. C. Handy anasimba kuti mu 1903, akudikira sitima pasiteshoni ya Tutwiler, anamva munthu wosauka akutsetsereza mpeni pansambo za gitala, gitalayo n'kumalira ngati munthu. Khutu la Mmalawi silidabwa nazo. Kuno nako kunali oimba gitala ya hauyani, otsetsereza botolo pansambo. Ndipo amene anamvapo Alan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona amene anamwalira mu 1995, akudandaula pabanjo limodzi ndi Chimvu Jazz, safunika kumasuliridwa kuti blues n'chiyani. Mawu oti jazz kwathu kuno ankatanthauza bandi ya anyamata a banjo zopanga okha ndi ng'oma ya chikopa, ndipo madala, ngakhale amanyadira za ku New York, Namoko akamalira salola munthu kutsokomola.

Pali nkhani imodzi imene anasiya kuisimba pakhomo. Mu 1949 B. B. King ankaimba muholo ina ku Twist, m'chigawo cha Arkansas, momwe ankawotha moto wa palafini mumgolo. Amuna awiri anayamba ndewu, mgolo n'kugubuduka, holo yonse moto lawilawi. King atathawira panja anakumbukira gitala yake ya madola 30, n'kubwereranso m'motomo kukaitenga. Atamva kuti ndewuyo inali yolimbirana mkazi wotchedwa Lucille, anapatsa gitalayo dzina lomwelo kuti azikumbukira kusachitanso zopusa zotere. Tsiku lina madala atamaliza kusimba nkhaniyi, maso akuwala, akazi awo anafunsa modekha: "Nanga nyumba ino itapsa, bambo, mungayambe kutulutsa chiyani?" Yankho lolondola analipereka ndithu. Vuto linali lakuti anayamba aganiza kaye.

Akafuna kudzitonthoza amawerenga chibale. Armstrong anatumiza lipenga ku South Africa mu 1956 kudzera mwa wansembe Trevor Huddleston, ndipo linafikira m'manja mwa mnyamata Hugh Masekela. Patapita zaka zambiri, chimbale cha Masekela chotchedwa Phola, cha mu 2009, anachikonza ndi katswiri wa gitala wa ku Malawi Erik Paliani. Kwa madala umenewu ndi umboni wokwanira kuti iwo ndi Satchmo ndi pachibale, mwina cha kuchikazi.

Masiku ano mwambiwu uli pamavuto. Woipa sakufunikanso kudziwa nyimbo, angodziwa pamene pali filter pafoni, ziphuphu zonse zimasowa pakamphindi. Wa mawu oipa naye anapeza mpulumutsi: kuchokera mu 1997 pali Auto-Tune, pulogalamu ya pakompyuta yowongola mawu okhota, moti aphunzitsi a kwaya aja akanakhala ndi moyo bwenzi atasowa wothamangitsa. Armstrong akanalowa m'situdiyo ya lero, mnyamata wa pakompyuta akanamusalaza mawu mpaka miyala yonse ya muwilibala ija itatha, ndipo palibe akanamukumbukira. Omvera nawo chala chili chire, nyimbo ikapanda kugunda msanga amadumphira ina. "So What", yoyamba pachimbale cha Miles Davis chija, ndi ya mphindi zoposa 9, ndipo lipenga silithamangira kulowa.

Nkhonya yowawa kwambiri inachokera kwa mdzukulu yemwe uja. Powamvera chisoni anawaikira pafoni pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti, n'kuwauza kuti nyimbo zonse za padziko lapansi tsopano zili m'thumba mwawo. Madala anafufuza kwa theka la ola, n'kusankha Kind of Blue, chimene chili kale pashelefu. Coltrane ali pakati pofotokoza mfundo, bandulo inatha. Koma choopsa chinali china. Tsiku lotsatira, atafunsa mwamatama ngati alipo m'nyumbamo amene akudziwa woimba besi, mwanayo anagogoda pafoni kawiri n'kuyankha kuti Paul Chambers, wobadwira ku Pittsburgh, anamwalira mu 1969 ali ndi zaka 33. Chuma chimene munthu anachisonkhanitsa zaka 50, khutu lili pasipika ndi mabatire ali padzuwa, mwana wa fomu 2 anachitola ngati tchenji cha muminibasi. Madala anakhala chete madzulo onse, ndipo nsima anadya mitanda iwiri yokha.

Lamulungu lotsatira kansalu kaja kanatulukanso. Zinaoneka kuti pali zina zimene foni sinazidziwebe. Madala amadziwa pamene chimbale chawo chinakandika, moti amadzutsa chala singano isanadumphe. Amapuma mpweya pamodzi ndi Miles Davis lipenga lisanalowe, osaphonya ndi kamodzi komwe. Bill Evans akagunda mawu ofewa aja mu "Blue in Green", nkhope yawo imachita zimene sinachitepo pamaliro kapena paukwati, ndipo akazi awo, amene kwa zaka 40 akhala akunena kuti nyimbozi n'zogonetsa, amatsitsa wayilesi yawo kukhitchini mwakachetechete. Mdzukulu uja tsopano amakhala pansi mpaka nyimbo yachiwiri, ngakhale amati amangodikira kuti foni yake idzaze moto.

Inu amene muli ndi madala otere pafupi, kawaoneni, amasangalala ndi alendo. Koma mupite mutadya, ndipo ngati mukuthamangira minibasi yomaliza musayerekeze kufunsa kuti akuimbayo ndani. Mbali yoyamba ya chimbalecho imatenga mphindi pafupifupi 25, ndipo chimbale chili ndi mbali ziwiri.