Ndalama zimene yadya wailesi ya m'galimoto

Chitipa boma, mwezi wa Julaye.

Galimoto: Toyota Sienta ya ku Japan, yotsikira padoko la Dar es Salaam, yolowera pa Songwe. Wailesi imene inabwera nayo imagwira kuyambira 76 kulekeza 90 MHz, pomwe mawailesi a kuno amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Titasintha batire inadzitseka, n'kumangolemba Chijapani.

Zotuluka

1. Mnyamata wokonza mafoni pamsika, kuyesa kuitsegula: K5,000. Sinatseguke.
2. Minibasi ya ku Karonga, kupita ndi kubwera, makilomita pafupifupi 100 ulendo umodzi: K30,000.
3. Wailesi ina, yogwirapo kale ntchito: K65,000.
4. Nsima ya usipa ku Karonga komweko: K4,000.
5. Kachingwe kolumikizira eriyo, poti pulagi yakale imakana kulowa: K6,000.
6. Mafyuzi awiri: K2,000. Yoyamba inapsa waya atakhudza chitsulo.
7. Tepi yakuda: K1,500.
8. Amisiri a mawaya: K15,000. Waya wachikasu upite ku batire, wofiira ku kiyi, wakuda ku chitsulo cha galimoto. Tsiku loyamba wachikasu ndi wofiira anasinthana malo, ndiye ukazimitsa injini wailesi imaiwala masiteshoni onse. Kukonzanso sanalipiritse.
9. Mafuta okaiyesera mumsewu wa ku Misuku: K10,000. M'zigwa imadukaduka. Pamtunda MBC Radio 1, Zodiak ndi Tuntufye FM zinamveka bwino.

Zonse pamodzi: K138,500.

Kumene zachokera

Mbuzi yaikazi imodzi: K90,000.
Nyemba ndowa ziwiri: K40,000.
Ngongole ya kubanki m'khonde: K8,500, yobweza pakutha pa mwezi.

Zotsala m'thumba: palibe.

Zoonjezera

Mayi a kunyumba anafunsa ngati kunali koyenera kuti mbuzi ipite chifukwa cha wailesi. Tsiku limenelo sindinawayankhe.

Lolemba, tikuchokera kuchipatala, bambo anati: "Taima pamtunda apa, mwana wanga." Ndinazimitsa injini. Anavula chipewa, nachiika pabondo, n'kumvetsera mauthenga a maliro mpaka kumapeto. Dzina limodzi analidziwa: mnzawo wa ku Nthalire amene anaphunzira naye sukulu. Chaka chatha uthenga wonga womwewu unawapeza manda atauma kale.

Mawa lake tinalawirira kupita kumaliroko, tinafika mwambo usanayambe. Mayi a kunyumba ndiwo ananyamula ufa.

Mafuta a ulendowo ndi chipepeso zalembedwa patsamba lina.